Ana a Opota Thonje, Tilembe Mayina a Makolo Athu

 Uthenga wa lerowu ndi wautali. Amene muli pa minibasi kapena pa ntchito, usungeni mudzauwerenge madzulo mutakhala pansi, pakuti nkhani imene ndili nayo yandisowetsa tulo kwa masabata atatu.

Mwezi wathawu tinaika m'manda bambo wina wachikulire wa mu mlaga wathu ku Ndirande. Dzina lawo sinditchula, pakuti misozi ya anamfedwa sinaume. Bambowa anagwira ntchito zaka zoposa 20 pa fakitale ya nsalu ya ku Makata, ndipo ndi ntchito imeneyo anamanga nyumba, naphunzitsa ana onse. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, mdzukulu wawo anaimirira ndi foni m'manja nawerenga mizere inayi: chaka chobadwa, chimene iye mwini anavomera kuti n'chongoyerekeza, kuti anagwirapo ntchito ku kampani, matenda amene anawatenga, ndi chiwerengero cha ana ndi adzukulu. Atakhala pansi, amfumu anafunsa funso limene limafunsidwa pa maliro alionse: kodi malemuwa kwawo n'kuti, mudzi wa yani, mfumu yaikulu ndani? Panali zii. Mwana wina anati ku Chiradzulu. Wina anati iyayi, ku Mulanje, cha kumalire. Wachitatu anangozyolika. Munthu yekhayo amene akanayankha anali atagona m'bokosi patsogolo pathu.

Ndisanaloze chala ana amenewo, ndidziloze ndekha. Zaka zambiri ndakhala ndikulowa m'nyumba ya bambo ameneyu monga mkulu wa mpingo. Tinkacheza za mpira, za mtengo wa chimanga, za nyamakazi ya m'mawondo. Sindinawafunsepo dzina la amayi awo. Usiku wa tsiku la malirolo ndinatenga cholembera kuti ndiyese kulemba mzere wa makolo anga. Kuchimuna ndinathera pa agogo. Kuchikazi ndinapeza kuti mayi amene anabala amayi anga ndinkangowadziwa kuti agogo, basi. Ine amene ndimaphunzitsa a kalasi mayina a ana 12 a Yakobo, ndinalephera kutchula makolo anga anayi.

Chimene ndikufuna kukuuzani ndi chimodzi. Ife a mu Blantyre muno ambiri ndife ana ndi adzukulu a anthu ogwira ntchito za manja: opota ulusi, oomba nsalu, osenza mabelo a fodya, okonza njanji, ophika m'nyumba za azungu. Mayina awo akutayika tikuona, ndipo akutayika chifukwa timachita nawo manyazi. Ndikukupemphani kuti tiwafufuze ndi kuwalemba monga analili, tsopano lino, akadali moyo anthu ochepa amene angatiuze.

Tiyambire pa dzina la mzinda wathu. Blantyre si dzina la mfumu, kapena la phiri, kapena la mtsinje wa kuno. Ndi dzina la mudzi wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow, ndipo mudziwo unali wa anthu ogwira ntchito pa fakitale yopota thonje. Kumeneko David Livingstone anabadwa pa 19 March 1813, m'nyumba yotchedwa Shuttle Row, imene kampani inamangira antchito ake. Mabanja 24 ankakhala m'nyumba imeneyo, banja lililonse chipinda chimodzi: mophikira momwemo, mogona momwemo. Inu amene munakulira m'nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Mbayani simufunika kukufotokozerani moyo umenewo.

Ali ndi zaka 10, Livingstone analowa ntchito m'fakitale. Ntchito yake inali yoyendayenda pakati pa makina ndi kulumikiza ulusi umene waduka. Ankayamba 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku, kenaka n'kupita ku sukulu ya usiku mpaka 10 koloko. Ndi gawo la malipiro ake a sabata yoyamba anagula buku lophunzirira Chilatini. Ali ndi zaka 19 anakwezedwa kukhala wopota ulusi, ndipo ndalama za ntchito imeneyo n'zimene zinamuthandiza kuyamba maphunziro a udokotala ku Glasgow mu 1836. Pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika pansi pa phiri la Ndirande mu October 1876, pa malo amene Henry Henderson anasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito, anatcha malowo dzina la mudzi wa opota thonje uja pokumbukira mwana wake. Choncho aliyense amene amalemba kuti Blantyre pa keyala yake amalemba dzina la komboni ya antchito.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Mu 1857, atatchuka kale m'dziko lonse la Britain, Livingstone anasindikiza buku la maulendo ake, Missionary Travels. Masamba oyamba a bukulo sanayambe ndi mikango kapena mathithi. Anayamba ndi makolo ake. Anafotokoza za agogo ake, mlimi wamng'ono wa pa chilumba cha Ulva, amene munda utalephera kudyetsa banja anasamuka mu 1792 kukafuna ntchito pa fakitale ya ku Blantyre. Anafotokoza kuti agogowo ankatha kulondoloza makolo awo mibadwo isanu ndi umodzi, ndi kuti chimene banjalo linkanyadira chinali kuona mtima kwa makolowo, popeza chuma analibe. Bambo ake enieni ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi. Munthu amene ankalandiridwa ndi akuluakulu a ku London sanabise zimenezi. Nanga ife, amene tangopeza kagalimoto ndi kampanda ka njerwa ku Chilomoni kapena ku Chigumula, tikubisa chiyani?

Livingstone ali ku koleji, mu 1837, Mfumukazi Victoria inalowa ufumu, ndipo inalamulira mpaka 1901. M'zaka zimenezo mafakitale a thonje anadzaza chigawo cha Lancashire ku England, kuzungulira mzinda wa Manchester. Anthu anasiya minda ndi midzi yawo kukakhala m'mizere ya nyumba zothithikana pafupi ndi makina. Ana ankagwira ntchito, kotero kuti mu 1833 panachita kukhazikitsidwa lamulo loletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 9 m'mafakitale a nsalu. Lero zidzukulu za anthu amenewo zimatha kuwapeza makolo awo, chifukwa kuyambira 1841 kalembera wa boma wa zaka 10 zilizonse ankalemba dzina la munthu aliyense m'nyumba, zaka zake ndi ntchito yake, ndipo kuyambira 1851 ankalembanso mudzi umene anabadwira. Kulembetsa kubadwa, ukwati ndi imfa kunayamba mu 1837 ku England ndi mu 1855 ku Scotland. Makalata a kalembera amatsegulidwa pakapita zaka 100. A 1921 anatsegulidwa mu 2022.

Amene amafufuza m'makalata amenewo kawirikawiri sapezamo mafumu. Amapeza mtsikana wa zaka 12 wolembedwa kuti wolumikiza ulusi, mayi wamasiye woomba nsalu, anthu 9 m'zipinda ziwiri. Amapezanso chinthu chowawa: thonje lambiri limene linkadyetsa makolo awo linkathyoledwa ndi akapolo a ku Africa m'minda ya kumwera kwa America. Nkhondo ya pachiweniweni itabuka kumeneko mu 1861, thonje linasiya kufika, makina anaima, ndipo njala inalowa m'midzi ya Lancashire mpaka cha mu 1865. Mbiri yoona ili ndi thukuta, ili ndi manyazi, ili ndi misozi ya anthu ena. Komabe anthuwo amailemba, amaisunga, amaonetsa ana awo.

Mwina mukuti, bambo mkulu wa mpingo, zimenezo ndi za azungu, ife zikutikhudza pati? Tsatani ulusiwu muone kumene ukuthera. Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Mwana wa m'fakitale uja analidziwa thonje labwino poliona, ndipo anakhulupirira kuti malonda a thonje la kuno angathe kugwetsa malonda a akapolo. Maloto akewo sanachitike m'masiku ake. Koma ku Lancashire kuja, m'tauni ya Rawtenstall, kunali banja la abale atatu, David, Thomas ndi Peter Whitehead, a mpingo wa Methodist, amene anamanga mafakitale a thonje, nyumba za antchito ndi sukulu. Kampani yotchedwa dzina la David Whitehead ndi ana ake inakula, inafika ku Africa, ndipo mu 1967, patangopita zaka zitatu chilandirire ufulu wathu, fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Makata, kunsi kwa Ndirande. Ambiri tinkangoti ku Whitex.

Thonje la ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima linkachotsedwa njere, n'kumangidwa m'mabelo, n'kufika ku Makata. Kumeneko linkapotedwa, kuombedwa ndi kudindidwa maluwa, n'kutuluka zitenje zimene amayi athu anavala ndi kutiberekera nazo kumbuyo. Anthu zikwi anagwira ntchito pamenepo usana ndi usiku mosinthana mashifiti. Anachokera ku Thyolo, ku Zomba, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mzimba, ku Karonga. Anachita lendi nyumba zoyandikana, anatunga madzi pa mpopi umodzi, anakwatirana, anabala ana olankhula Chichewa cha m'tauni amene kumudzi ankangopitako pa holide. Ndirande anakhala Shuttle Row wathu. Chimodzimodzi ku Limbe, kumene njanji ndi kampani ya fodya ya Imperial Tobacco zinafika mu 1908, ndipo Bangwe ndi madera oyandikana nawo anadzaza ndi antchito.

M'zaka za m'ma 1990 misika itatsegulidwa, kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira, ntchito ya nsalu inachepa, ndipo mu 2003 fakitale ija inagulitsidwa kwa a Mapeto. Mbadwo umene unalowa ntchito m'zaka zoyambirira unabalalika. Ena anabwerera kumudzi, ena anatsegula maokala, ambiri agona ku manda a HHI ndi manda ena a m'makomboni. Otsalawo ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80. Chaka chilichonse tikuika ena m'manda.

Apa ndiye pali kusiyana pakati pa ife ndi zidzukulu za ku Lancashire. Iwo akhoza kuzengereza, makalata adzawadikira. Ife tilibe mwayi umenewo. M'dziko muno kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense kunakhala lamulo logwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinalandira mu 2017. Makalata ambiri akale a boma la atsamunda anapsa ndi moto ku Zomba mu 1919. Makolo athu ambiri sanalembedwe paliponse, kupatula pa chitupa cha msonkho, pa tikiti ya ntchito, ndi m'kaundula wa ubatizo. Nkhokwe yathu yaikulu ya mbiri ndi mutu wa agogo aakazi amene akhala pa mkeka kuseri kwa nyumba yanu, amene mumawapatsa moni mukuyang'ana pa foni.

Tsono n'chifukwa chiyani sitifunsa? Ndiyambe ndi tchimo langa. Bambo anga ankagwira ntchito pa makina oombera nsalu. Ankabwera m'mawa kuchokera ku shifiti ya usiku, thonje lili mbuu m'tsitsi. Ndalama za thukuta limenelo n'zimene zinandilipirira fizi ku sekondale. Koma anzanga akandifunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji, ndinkati ali mu ofesi. Tsiku lina anabwera kusukulu kudzandipatsa ndalama atavala ovolosi, ndipo ine ndinakawalandirira kuseri kwa mpanda kuti anzanga asawaone. Iwo anazindikira, koma sananene kanthu. Anamwalira ndisanapepese, ndiponso ndisanawafunse kanthu kalikonse za kumene tinachokera. Munthu sufunsa mbiri ya munthu amene ukumubisa. Ndikudziwa kuti si ine ndekha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti tikati tifufuze makolo, timafufuza ufumu ndi minda. Munthu amene sanapondeko kumudzi zaka 30 amatulukira ndi mndandanda wa makolo pamene mpando wa unyakwawa wasowa mwini, kapena pamene malo a m'mbali mwa msewu akwera mtengo. Pa mndandanda wotero amalembapo okhawo amene akumuthandiza pa mlandu. Wosenza mabelo salembedwa, chifukwa alibe munda woti tilande. Ena a inu mundikumbutsa kuti mtumwi Paulo, polembera Timoteo ndi Tito, anachenjeza za kulimbana pa mawerengedwe a mibadwo. N'zoona, ndipo mtundu uwu wa kufufuza, wofuna kudzikweza ndi kukangana, ndi umene chenjezolo likuukhudza. Koma tsegulani Mateyu mutu 1 muwerenge nokha. Chipangano Chatsopano chimayamba ndi mndandanda wa makolo, ndipo mlembi sanausese. Muli Tamara ndi nkhani yake yovuta kuifotokoza pamaso pa ana. Muli Rahabi wa ku Yeriko. Muli Rute, mlendo wa ku Moabu, amene ankakunkha m'minda ya eni. Muli mkazi wa Uriya, chikumbutso cha tchimo la mfumu. Ndipo mzerewo umathera m'nyumba ya mmisiri wa matabwa.

Chifukwa chachitatu ndi mantha a zimene tingapeze. Maliro aja atapita, ndinagula shuga ndi buledi ndi kupita ku Bangwe kwa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene atsala okha pa mbadwo wawo. Nditawauza chimene ndadzera, anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Wachedwa, mwana wa achimwene. Koma khala pansi." Ndinakhala pansi masana atatu.

Anandiuza kuti agogo awo aakazi anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, mwana ali kumbuyo, m'masiku amene Alomwe ambiri ankathawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anakhala pa esiteti ina ku Thyolo, kumene malo okhala ankalipiridwa ndi thangata. Anandiuza kuti dzina limene ine ndimasaina nalo, limene ndinapatsa ana anga, limene lalembedwa pa chitseko cha ofesi ya mwana wanga, silinali dzina la banja lathu. Ndi dzina limene kapitawo analemba pa tikiti ya ntchito ya agogo chifukwa kalaliki analephera kutchula dzina lawo lenileni. Dzina lenilenilo azakhali analikumbukira, pamodzi ndi nihimo, ndiye kuti mfunda wathu wa Chilomwe. Ndinalimva koyamba ndili ndi imvi. Anandiuza kuti bambo anachoka pa esiteti ali mnyamata, wapansi, nayamba kusenza mabelo a fodya ku Limbe, ndi kuti tsiku limene analembedwa ntchito ku fakitale ya nsalu anagulira amayi awo bulangete loyamba.

Anandiuzanso zimene sindinafune kumva. Mchimwene wawo wa agogo anapita ku migodi ndi Wenela ndipo anatchona, osalemba kalata ngakhale imodzi. Agogo enieniwo anali ndi mkazi wina amene banja lathu silinkamutchula, ndipo zidzukulu za mayi ameneyo zili mu Blantyre momwe muno. Mwina takhala nazo pa mpando umodzi mu minibasi ya ku Limbe. Mwina mwana wanga akanabwera ndi mmodzi wa iwo kudzandionetsa kuti ndiye wapamtima wake, ine n'kuitana ankhoswe. Potsiriza azakhali anatulutsa kachitini ka masikono m'munsi mwa bedi. Munali khadi la ubatizo la bambo, khadi lawo la kuntchito, ndi chithunzi chimodzi ataima ndi anzawo asanu, onse mu ovolosi. Makalata ena onse chiswe chinadya. Ndinachigwira chithunzicho ndi kulira ngati mwana, pakuti ovolosi imene ndinaibisa kuseri kwa mpanda ndi yomweyo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mupeza zolemera kuposa izi. Mzinda uno unamangidwa pa njira za malonda a akapolo, ndipo ena mwa anthu oyamba kukhala pa mishoni anali othawa ukapolo ndi nkhondo. Ena mupeza kuti kholo lanu linagulidwa. Ena mupeza kuti kholo lanu linagulitsa anzake. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti zimenezo zisiyeni, kufukula zakale kumadzutsa milandu. Mawu amenewo musawapeputse, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pali zinsinsi zimene eni ake akadali moyo, ndipo si zanu kuti muzimwaze pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja. Pali mabala amene amafunika kuwakhudza ndi dzanja lofewa. Koma kusunga chinsinsi mwanzeru n'kosiyana ndi kufafaniza munthu. Mayi amene anawoloka malire ndi mwana kumbuyo sanalakwe kanthu kuti dzina lake lifafanizidwe. Ukapolo ndi manyazi a wogulitsa, wogulitsidwayo alibe mlandu. Ndipo ngati kholo lanu ndilo linalakwa, kudziwa kumakuphunzitsani kudzichepetsa, kumene ife a m'tauni tikukusowa kwambiri.

Ena amati kutchula makolo ndi kupembedza mizimu. Abale, kulemba dzina la agogo anu m'kope si kuthira nsembe pansi pa mpoza. Lamulo lachisanu limatiuza za ulemu kwa atate ndi amayi, ndipo sindiona ulemu mwa mwana amene sadziwa dzina la amene anabala amayi ake. Enanso amati, ife timapita ku Mulhako ku Chonde, ku Kulamba ku Mkaika, ku Umhlangano ku Ntcheu, chikhalidwe chathu tikuchidziwa. Pitani ndithu, n'zabwino. Koma miyambo imeneyo imakuuzani za mtundu wonse. Siingakuuzeni dzina la mayi amene anasinja mphale kuti bambo anu akule. Ndiponso mukafufuza moona mudzapeza kuti ambiri a ife ana a mu Blantyre tili ndi magazi a mitundu itatu kapena inayi: agogo Mlomwe, agogo Myao, agogo Mngoni, agogo Mmang'anja. Munthu amene walemba mayina anayi amenewo m'kope limodzi amavutika kunyoza mtundu wa mnzake nthawi ya chisankho.

Tsono tichite chiyani? Ndikupatsani njira imene ndayenda ine, yosafuna ndalama zambiri.

Gulani kope lachikuto cholimba. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Jambulani mawu pa foni ngati agogo alola, koma madzulo omwewo lembani m'kope. Yambani ndi munthu wamkulu kuposa onse m'banja, makamaka amayi, pakuti m'mitundu yathu yambiri ya kuno kumwera mbumba imayenda kuchikazi, ndipo amayi ndiwo amasunga za maukwati, za maliro ndi za kusamuka. Musapite ngati wapolisi wofunsa mlandu. Pitani ndi kanthu m'manja, khalani pansi, dekhani, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funsani mayina onse a munthu mmodzi, chifukwa makolo athu ankasintha mayina: la ubwana, la ku chinamwali, la ubatizo, la kuntchito. Dzina limene ife timaliyesa la banja nthawi zambiri linali dzina loyamba la bambo kapena la agogo, limene mphunzitsi analemba tsiku loyamba la sukulu. Funsani mfunda, kapena chiwongo, kapena lukosyo, kapena nihimo, monga mwa mtundu wanu. Mayi amene ankangoitanidwa kuti Nabanda, Nangozo kapena Abiti uje anali ndi dzina lakelake; lifunseni. Funsani mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, mtsinje wapafupi ndi manda amene anagona. Zaka akazisowa, funsani ndi zochitika: kodi munali wamkulu bwanji pa njala ya 1949, pa chipwirikiti cha 1959, pa ufulu wa 1964, pamene Wenela inatsekedwa mu 1974? Funsani ntchito imene munthu ankagwira, ndipo ilembeni monga inalili. Wolondera alembedwe wolondera, wophika alembedwe wophika. Funsaninso matenda amene anatenga anthu a m'banja, pakuti adokotala amafunsa za shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa makolo, ife n'kumangoti kaya.

Mukatero pitani ku mpingo kumene makolo anabatizidwa kapena kukwatitsidwa, mukapemphe mwaulemu kwa abusa ndi mlembi wa sesoni kuti akuonetseni kaundula. A chipembedzo china pitani kwa atsogoleri anu. Pitani kumanda ndi chilolezo cha amfumu mukawerenge ziliza. Ofuna kuzama, ku Zomba kuli nyumba ya National Archives yosunga makalata akale, ndipo pa Mandala House, nyumba ya 1882 ija, pali laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale za mzinda uno. Zimene mwapeza zikopereni m'makope atatu, limodzi likhale kwa mwini mbumba, lina kwa mwana amene mumamukhulupirira, lina kwa mbale wakutali.

Kwa akulu a mpingo anzanga, alembi a sesoni ndi amayi a Mvano, ndili ndi pempho lapadera. Makaundula amene tili nawo m'makabati a mavesitile ndiwo kalembera yekhayo wa anthu osauka ambiri a dera lino. Tiwateteze ku chiswe ndi ku denga lodontha. Achinyamata athu odziwa makompyuta awajambule tsamba ndi tsamba. Ndipo tikamayendera okalamba ndi odwala m'milaga, titenge kope. Tikatha kupemphera, tifunse kuti, gogo, kwanu n'kuti, anakubalani ndani? Mudzaona nkhope zawo zikuwala, chifukwa ambiri palibe amene anawafunsapo.

Inu ana anga, adzukulu anga, ndi ana a abale anga amene mukuwerenga izi kunja, mverani. Agogo anu anali woomba nsalu pa makina ku Makata. Asanatero anali wosenza mabelo ku Limbe. Agogo awo anali mayi wothawa kwawo amene analowa m'dziko lino wapansi. Madigiri amene mwapachika pa khoma anayambira pa shifiti ya usiku. Ine ndinachita nazo manyazi, ndipo ndalapa mochedwa. Inu musachedwe. Kope langa lili pa tebulo kunyumba, masamba 14 alembedwa kale, ndipo pa Khirisimasi tikakumana ndidzakuwerengerani dzina lathu lenileni.

Ana a bambo a ku Ndirande aja ndinakawaona sabata yatha. Mwana wawo wamkazi wakumbukira kuti kuli msuweni wa malemu, wokalamba kwambiri, cha ku Luchenza. Loweruka likudzali akwera basi, kope lili m'chikwama. Muwapempherere kuti akamupeze ali moyo ndiponso akukumbukira. Nanunso, musanagone lero, ganizirani munthu wamkulu kuposa onse m'banja mwanu, ndipo mumuimbire mawa.

Ambuye akusungeni nonse, inu ndi a m'nyumba zanu. Amen.